Injini ya Toyota mu Land Rover ya malemu bambo: ndiike kapena ndisiye?

Wa 109 ku Ntcheu: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Malemu bambo anga anasiya Land Rover Series III, yaitali ija ya 109, ya 1978. Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ili pansi pa mtengo wa mango kumudzi, moti nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala. Injini yake ndi ya petulo, 2.25. Ulendo wake womaliza inawira pokwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, alamu anga n'kuithira madzi a mumtsinje ikadali moto, buloko n'kung'aluka. Pano mnzanga wina ali ndi injini ya dizilo ya Toyota 3L, yochokera mu minibasi imene inagundidwa kumbuyo, ndipo akuti ikhoza kulowa. Amalume atamva anangopukusa mutu, amvekere ukufuna kuika mtima wa mbuzi mwa ng'ombe. Amayi sakuyankhulapo. Inu odziwa, ndichite bwanji?

Kondakitala Wopuma: 3L ya mu minibasi? Aise, imeneyo ikangoona munthu waima m'mbali mwa msewu izidzaima yokha kkkk

Madala a ku Zomba: Mwana wanga, amalume akowo akunena zoona, uwamvere. Ine ndayendetsa ma Land Rover kuyambira ndili mnyamata pantchito ya nkhalango, kukwera phiri la Zomba matope ali m'mawondo. Injini ya 2.25 ija ndi yofatsa, sithamanga, koma simunthu wamanyazi. Kabuleta, ma points, koyilo, basi. Ikakufera kutchire umaikonza ndi sipanala ziwiri ndi kachidutswa ka sandipepa. Ukachotsa imeneyo watsala ndi chiyani? Chigoba. Anthu akamati galimoto yakale ndi yamtengo amanena yomwe ili monga inatulukira ku fakitale yake ya ku Solihull ku England, osati yosokedwa zigamba ngati buluku la m'munda.

Makaniko wa ku Biwi: Madala ndakumvani, ulemu wanu. Koma ndifunse kaye: pisitoni ya 2.25 lero mukaigula kuti? Mukazungulira mashopu onse a masipeya ku Lilongwe kuno mpaka nsapato kutha, mapeto ake akuuzani kuti tiitanitse ku Joni kapena ku UK, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu mudikira mpaka liti? Pamene za 3L zili paliponse. Hiace, Hilux, zonse zimadya mbale imodzi. Pa Jenda, pa Balaka, pa Nchalo, mnyamata aliyense wa ovololo yakuda anaitsegulapo injini imeneyo.

Komabe achimwene a ku Ntcheu, mnzanuyo akamati "ikhoza kulowa" asakunamizeni kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Kulowa imalowa, malo alipo. Nkhani ndi yakuti ikalowa ilumikizana ndi chiyani. Kumbuyo kwa injini ya Toyota mabowo a mabawuti sagwirizana ndi giyabokosi ya Land Rover. Pamafunika chitsulo chapakati, adaptor plate, ndipo chimenecho chisemedwe pa makina ndi munthu wodziwa kuyeza, osati kudula ndi gasi pansi pa mtengo. Shafiti yochokera mu giyabokosi iyenera kulunjika pakatikati penipeni pa crankshaft. Ikapendekeka ngakhale pang'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo, galimoto iyenda ndithu, mudzajambula vidiyo n'kutitumizira pano tonse n'kuombera m'manja, koma pakatha miyezi itatu ma bearing ayamba kulira, kilatchi kunjenjemera, giya kumatuluka yokha.

Wa 109 ku Ntcheu: Ndiye kuti ndi adaptor yokhayo imene ili yovuta?

Makaniko wa ku Biwi: Ayi, chimenecho n'chiyambi chabe. Ma mounting ayenera kuwotcheredwa atsopano. Sampu ya mu minibasi muiyang'ane bwino, chifukwa pansi pake pali difu ya kutsogolo, ndipo galimoto ikadumpha bampu difuyo imakwera m'mwamba. Ndinaonapo ina itabooka sampu pa msewu wafumbi, oyilo yense pansi, mwini wake osadziwa mpaka injini inanoka. Mapaipi a redieta amatulukira kwina. Ekizozi iyenera kupindidwa mwatsopano. Dizilo amafuna paipi yobwezera mafuta ku thanki, fyuluta yake, mawaya a ma heater, ndi batire lamphamvu kuposa la petulo. Chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma mukaziphatikiza mupeza kuti mtengo wa injini unali theka chabe la ndalama zonse.

Mayi a Famu ku Mzimba: Bambo a ku Biwi mwaiwala chachikulu. Nonse amuna mukakumana mumangokamba za kuthamanga, za kuima palibe amazitchula. Ine ndili ndi 88, yaifupi ija, imene amuna anga anaikitsamo dizilo wa Nissan TD27 zaka zapitazo. Ya petulo servo ya mabuleki, chija chimathandiza kuti buleki isalimbe poponda, imakoka mpweya kuchokera ku manifold. Dizilo alibe zimenezo, amadalira kapampu kamene kamakhala kumbuyo kwa alternator. Amene anatiikira injini anangosiya paipi ija ikulendewera, ife osadziwa. Tsiku loyamba kutsika Chiweta titanyamula matumba a chimanga, ndinaponda buleki n'kupeza yauma gwa ngati mwala. Ndinachita kuimirira pa pedulo ndi miyendo yonse iwiri, giya yachiwiri ikulira, mwana wanga kumbuyo akuimba nyimbo osadziwa kanthu. Titafika pansi kunyanja ndinatsika n'kukhala pansi pamsewu, miyendo ikukana kundinyamula.

Ndiye achimwene, ngati yanuyo ili ndi servo, funsani za paipi imeneyo musanafunse china chilichonse. Ndipo kumbukirani kuti mabuleki ake ndi a dramu mawilo onse anayi, mainchesi 11 pa 109, mainchesi 10 pa yanga. Anawapangira galimoto yoyenda modekha.

Kondakitala Wopuma: Mayi mwandiopsa, ine Chiweta ndimatsika nditatseka maso ngakhale mu basi yabwinobwino

Madala a ku Zomba: Mwamva? Ndi zimene ndikunenazo. Azungu amene anaipanga anayeza zonse pamodzi, injini, giya, mabuleki. Ukasintha chimodzi wasokoneza banja lonse.

Wa ku Rosettenville: Madala, pepani ndikutsutsani pang'ono, musandikwiyire. Mukuyankhula ngati a Land Rover eni ake sanaikepo injini ya kampani ina, pamene iwowo ndiye akatswiri a khalidwe limeneli. V8 yotchuka ija ya 3.5, imene inalowa mu Range Rover mu 1970 ndi mu 109 mu 1979, si yawo. Inali ya Buick ku America, a General Motors atasiya kuipanga a Rover anakagula mapulani ake mu 1965. Ku Australia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ankagulitsa Land Rover yatsopano ili ndi dizilo wa Isuzu wa 3.9, ndipo asilikali a kumeneko anayendera injini yomweyo zaka zambirimbiri. Kuno ku South Africa, pa fakitale ya ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, kuyambira 1997 ankapanga Defender ya injini ya BMW ya 2.8, nthawi imene BMW inali mwini wa Rover. Defender ya 2007 inatuluka ndi injini ya Ford Transit. Ndiye magazi oyera amene mukuwatetezawo ndi ati?

Kunoko ma Series ambiri akale mukatsegula boneti mupeza Ford V6 ya 3 lita, chifukwa injini imeneyo inapangidwa konkuno kwa nthawi yaitali ndipo inali mbwee. Mpaka m'ma Kombi a Volkswagen ankaiika.

Madala a ku Zomba: Fakitale ikasintha imakhala ndi mainjiniya, imayesa zaka. Si zofanana ndi mnyamata wa gasi pa Biwi.

Makaniko wa ku Biwi: Madala mwandilasa kkkk. Koma apa mwanena zoona, ndipo ndikuthandizani. Pamene a Land Rover ankaika V8 mu 109 sanasiye giyabokosi yakale, anaika ya Range Rover. Amene amaika V6 pa giyabokosi ya Series ku Joniko, afunseni kuti asintha magiya kangati.

Wa ku Rosettenville: Apo sinditsutsa. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe kuno amayenda ndi half shaft yapadera, shafiti yochokera ku difu kupita ku tayala, pansi pa mpando ngati ndodo ya agogo.

Mphunzitsi wa Sayansi: Ndiloleni ndiikepo manambala, chifukwa nkhani ya giyayi ndi imene anthu amakhumudwa nayo ntchito itatha kale. Ma difu a Series ndi 4.7, ndipo transfer box, kagiyabokosi kachiwiri kokhala ndi high ndi low, ikakhala pa high imachepetsanso liwiro ndi 1.15. Mukachulukitsa mupeza kuti pa giya yachinayi injini imazungulira pafupifupi ka 5.4 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ndi matayala a 7.50 x 16, pa liwiro la 80 injini imakhala ili chapafupi ndi 2,900 pa mphindi. Giya yachisanu palibe. Ndiye kaya muike injini yamphamvu bwanji, pa M1 muzidzayenda liwiro lomwe lija bambo anu ankayenda, kungoti phokoso lidzachuluka, chifukwa dizilo pa 2,900 m'galimoto yopanda chotchinga phokoso ndi chigayo chenicheni. 3L ndi 2,779 cc, mphamvu yake ili cha m'ma 90 hp, pamene 2.25 ya petulo ili cha m'ma 70. Kusiyanako mudzakumva pokwera phiri ndi ponyamula katundu, osati pa liwiro.

Njira zilipo ziwiri. Overdrive ya Fairey, yogwira ntchito ngati giya yachisanu, imene imamangidwa kumbuyo kwa transfer box, ngati mungaipeze. Kapena ma difu a 3.54 ngati a Range Rover yakale, amene amatsitsa injini kufika cha m'ma 2,200 pa liwiro lomwelo. Koma 109 ya Series III kumbuyo ili ndi ekiselo ya Salisbury, difu yake ndi yosiyana, simungangotenga ya Range Rover n'kulowetsa. Ndipo musayerekeze kusintha kutsogolo kokha. Kutsogolo 3.54 kumbuyo 4.7, tsiku lomwe mudzakanikize kandodo kachikasu kaja kolowetsa mawilo onse anayi ndi tsiku lomwe mudzathyole chinachake.

Wa 109 ku Ntcheu: Aphunzitsi zikomo, izi sindimazidziwa n'komwe. Ine ndimaganiza kuti ndikaika ya Toyota ndizipita ku Blantyre ngati Hilux.

Kondakitala Wopuma: Mudzafika ndithu, kungoti anthu okwera njinga za moto azidzakupatsani moni pokupitirirani

Mayi a Famu ku Mzimba: Salisbury imeneyo ndi mwayi wanu, ndi yolimba. Ife a 88 ndi amene timalira ndi ma half shaft. Yanga inathyoka kawiri, ndipo kawiri konse ndi ponyamuka pamtunda ndi katundu. Dizilo amakankha mwadzidzidzi injini ikadali pansi, osati mwaulemu ngati petulo. Ndinaphunzira kuchotsa phazi pa kilatchi ngati ndikuponda mazira, ndipo ndikalemedwa ndimanyamukira pa low, kandodo kofiira. Chiyambireni sinathyokenso.

Mphwanu wa ku Luton: Mayi a ku Mzimba, TD27 yanuyo ili ndi mbiri yoseketsa ndi Land Rover. Ma taxi akuda a ku London aja, mu 1982 anawaika dizilo wa Land Rover wa 2.25, kenako wa 2.5. Madalaivala sanakondwe nawo kwenikweni. Mu 1989 kampani inasintha n'kuika Nissan TD27 mu mtundu wotchedwa Fairway, ndipo mpaka lero madalaivala akale akaikumbukira amaitamanda kuti inali yosafa. Ndiye ngati Angelezi eni ake anachotsa ya kwawo n'kuika ya ku Japan mu galimoto imene ili ngati chizindikiro cha mzinda wawo, ife a ku Ntcheu tingachite manyazi ndi chiyani?

Koma ndinene mbali inayo, Madala asaone ngati tawaukira tonse. Kuno ku UK Series imene ili ndi injini yake yoyambirira, manambala akugwirizana ndi mapepala, imagulidwa mokwera kuposa yosinthidwa. Ndipo amene amasintha kuno ambiri amaika 200Tdi ya mu Discovery yoyamba ija ya 1989, chifukwa ndi ya banja lomwelo, imakumana ndi giyabokosi ya Series popanda adaptor, kungosintha tinthu tochepa. Ena amachotsa turbo dala kuti isaphe giyabokosi, komanso poti pa 109 turbo ya Discovery imagunda chasisi. Ngati kumudziko kuli Discovery yakufa penapake, muiganizire.

Makaniko wa ku Biwi: 200Tdi ndi yabwino, koma zomwe zatsala kuno zambiri zinatopa kale, ndipo tabwereranso ku vuto lija la masipeya. Pakati pa 3L ndi TD27 ine ndingasankhe TD27 chifukwa ilibe lamba wa timing, imayendera magiya. Kungoti ndi yolemera, masipuling'i a kutsogolo amamva. 3L ili ndi lamba, asinthidwe pa makilomita 100,000 aliwonse, akaduka ma valve amapindika. Ya mu minibasi simungadziwe kuti anasintha liti, ndiye musanaiike sinthani lamba, tensioner ndi pampu ya madzi injini ikadali pansi. Ndipo muiyeze compression musanapereke ndalama. Minibasi imene "inangogundidwa kumbuyo" ndaimva kambirimbiri, ukatsegula n'kupeza kuti inafa ndi kutsogolo komwe.

Wa ku Rosettenville: Ku Cuba ndiye kwawo kwa zimenezi. Ma Chevrolet ndi ma Ford a m'ma 1950 amene amanyamula anthu ku Havana, ambiri mkati muli dizilo wa Hyundai, Toyota kapena Mercedes. America itatseka malonda ndi dzikolo masipeya anasowa, anthu n'kuchita zomwe akanatha. Akanakakamira za original bwenzi magalimoto onsewo ali makola a nkhuku.

Madala a ku Zomba: Ngati ya ku Ntcheu ija.

Wa 109 ku Ntcheu: Madala mwandipweteka koma ndi zoona kkkk

Admin: Abale, wina uja amene akutumiza zithunzi za ma injini ogulitsa ndi nambala ya foni, ndazichotsa. Malonda ndi Lachisanu. Pitirizani.

Dalaivala wa Mathiraki: Palibe amene watchula mapepala. Nambala ya injini imalembedwa mu blue book. Mukasintha injini muyenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti akonze, ndiponso kuti galimoto yachoka pa petulo yapita pa dizilo. A inshuwalansi nawonso auzidwe, apo ayi tsiku la ngozi adzapeza pothawira. Ine ndinagulapo injini kwa munthu wina pa mtengo wokoma, wopanda lisiti, wopanda kalata. Titaitsuka tinapeza pamalo pa nambala papalidwa ndi gulayindala, posalala ngati mbale. Ndinabwerera kwa wogulitsa uja n'kupeza shedi yatsekedwa, foni osagwira. Injini imeneyo ili kuseri kwa nyumba yanga mpaka lero, sindingaiike m'galimoto, sindingaigulitse. Safunsa anadya phula. Mnzanuyo akupatseni kalata yogulitsirana ndi kope la blue book ya minibasiyo, ngakhale mutakhala kuti munakulira limodzi.

Madala a ku Zomba: Chabwino, ndaona kuti ndatsala ndekha. Mwana wanga, galimoto ndi yako, ndipo kuyenda ndi mtima wobwereka kuli bwino kusiyana ndi kuolera pansi pa mango. Ndikupempha zinthu ziwiri zokha. Choyamba, asadule chasisi kapena bulkhead, chitsulo cholekanitsa injini ndi kokhala dalaivala. Owotcherera amakonda kudula chifukwa n'kofulumira. Ma mounting atsopano apangidwe moti tsiku lina akhoza kuchotsedwa. Chachiwiri, injini ya bambo ako usagulitse kwa a zitsulo zakutha, ngakhale ili yong'aluka. Ithire oyilo m'masilinda, uikulunge, uiike m'nyumba. Mwana wako adzaifuna.

Ndipo usanagule kalikonse, lowa pansi ndi hamala. Bodi ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, ndiye imanamiza anthu kuti galimoto ili bwino. Chasisi ndi chitsulo. Gogoda chopingasa cha kumbuyo, timiyendo togwira bodi, ndi pansi pa mapazi a dalaivala. Pakalira ngati belu ndi pabwino. Pakalira ngati katoni, iwala kaye za injini.

Makaniko wa ku Biwi: Apa Madala ndagwirizana nanu kotheratu. Zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mango, masamba akuolera m'makona, sindikudziwa.

Wa 109 ku Ntcheu: Ndipita kumudzi Loweruka. Ndidzakuuzani.

Wa 109 ku Ntcheu: Abale ndabwerako. Ndinalowa pansi ndi hamala monga ananenera Madala, ana a m'mudzi atandizungulira kumandiseka. Chasisi ikulira bwino pafupifupi ponse, kupatula chopingasa cha kumbuyo chakumanzere, pamene hamala inangolowa yonse, dothi la chiswe n'kundithira kumaso. Pansi pa mapazi a dalaivala pali bowo loti nkhonya kulowa. Kwina konse kuli bwino. Ndatumiza zithunzi, kuphatikizapo za injini nditaipukuta ndi palafini.

Koma pali china chandizunguza. Nambala imene ili pa buloko sikugwirizana ndi ya mu blue book. Ndawerenga katatu.

Mphwanu wa ku Luton: Dikirani, ndakulitsa chithunzi chachitatucho. Mukuona mizere yotukuka ija m'mbali mwa buloko, ngati nthiti? Imeneyo ndi buloko ya ma bearing asanu. Inayamba kupangidwa cha mu 1980. Galimoto ya 1978 inatuluka ndi ya ma bearing atatu, yosalala m'mbali. Achimwene, injini imeneyo si imene galimotoyo inabadwa nayo.

Kondakitala Wopuma: Eeeh! Ndiye original ija tinakanganira sabata yonseyi palibepo?

Wa 109 ku Ntcheu: Ndawafunsa amayi usiku womwewo. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti yoyamba inanoka ine ndili ku pulayimale, bambo n'kukagula ina pa okushoni ya magalimoto akutha, anaibweretsa pa ngolo kuchokera pamsewu. Ndipo amene anathandiza kuikweza ndi unyolo pa nthambi ya mango omwewo ndi amalume omwe aja a mtima wa mbuzi. Nditawakumbutsa amvekere imeneyo inali nkhani ina, inali ya Land Rover yokhayokha.

Madala a ku Zomba: Amalume ako akunenabe zoona. Ya ma bearing asanu ndi yabwino kuposa yoyambayo, bambo ako ankadziwa chimene ankachita. Usaitaye.

Mayi a Famu ku Mzimba: Nanga amayi akuti chiyani za Toyota?

Wa 109 ku Ntcheu: Akuti ikani iliyonse, bola idzawafikitse kuchigayo ndi kutchalitchi, ndipo nkhuku zawo ndizipezere pena poikira.

Dalaivala wa Mathiraki: Ndiye muli ndi ntchito iwiri ku Road Traffic, chifukwa blue book ikunena injini imene inachoka kalekale, ndiponso ikadali m'dzina la malemu. Yambani ndi kusintha umwini, mutenge makalata a chuma cha masiye. Injini ibwere pambuyo.

Makaniko wa ku Biwi: Chopingasa ndi pansi pa mapazi ndi ntchito ya masiku atatu kwa wowotcherera wabwino. Kenako mabuleki onse, mapaipi ndi ma silinda, chifukwa rabara yakhala zaka zonsezo yauma. Mukamaliza zimenezo ndiye tikambe za 3L. Pakali pano muuzeni mnzanuyo asaigulitse, ndipo mundijambulire sampu yake cham'mbali ndione kuti chimimba chake chili kutsogolo kapena kumbuyo.

Wa 109 ku Ntcheu: Ndimuimbira mawa m'mawa. Funso lina: pali amene akudziwa kochotsera fungo la nkhuku m'mipando?